Kernel-Power 41: Mboni Yofika Mochedwa

Munthu amene wadzimangira yekha kompyuta ya pa desiki, ikayamba kumuzimira mwadzidzidzi, sachedwa kutsegula Event Viewer ya Windows kuti akaone chavuta n'chiyani. Kumeneko amapeza mzere wokhala ndi chizindikiro chofiira, wolembedwa Critical, wochokera ku Kernel-Power, nambala yake 41. Uthenga wake ndi ziganizo ziwiri zokha za Chingerezi. Choyamba chimati kompyuta yayakanso isanazimitsidwe mwadongosolo. Chachiwiri chimati izi zikhoza kuchitika ngati makina anauma, kapena anagwa, kapena magetsi anaduka mosayembekezereka.

Ambiri akangoona liwu loti Power amathamangira kukagula power supply yatsopano. Ndalama zambiri zatayika chotere. Dzinalo likungotchula gawo la Windows limene lalemba uthengawo, silikuloza chala chipangizo chilichonse.

Tiyeni tione bwino chiganizo choyamba. Chikukamba za kuyakanso, osati za kuzima. Uthengawu sulembedwa pamene ngozi ikuchitika, chifukwa nthawi imeneyo palibe chimene chili maso choti n'kulemba. Umalembedwa Windows ikadzukanso n'kupeza kuti ulendo wathawo sinatsanzike. Ili ngati mwini nyumba amene wafika m'mawa n'kupeza chitseko chili chotsegula: akudziwa kuti kunachitika kanthu usiku, koma sanaone munthu. N'chifukwa chake nthawi yolembedwa pambali pa 41 ndi ya kudzukako. Wofuna nthawi yoyandikira pamene kompyuta inazimira ayang'ane uthenga wina, wa nambala 6008.

Chiganizo chachiwiri ndiye chozemba kwambiri. Chimangoti "zikhoza", n'kutchula zinthu zitatu zimene siziyenderana n'komwe. Kuuma, kugwa, kuduka kwa magetsi: aliwonse mwa mavutowa ali ndi mankhwala ake. Ndipo kuno kwathu, kumene magetsi amathima osatsanzika, kompyuta yabwinobwino yopanda UPS ikhoza kudzaza tsamba lonse ndi ma 41 popanda chovuta chilichonse mkati mwake.

Ine ndimaona kuti uthenga weniweni suli m'ziganizo ziwirizi. Uli kuseri, pa kagawo kolembedwa Details, pamene pali mayina ndi manambala osakopa maso. Dzina lofunika kwambiri ndi BugcheckCode. Nambala yake ikakhala kuti si 0, ndiye kuti Windows inaona vutolo ikadali moyo, inadziimitsa yokha ndi sikirini yabuluu ija, ndipo kawirikawiri inasiya fayilo mu foda ya Minidump. Pali kamsampha pang'ono: nambalayi imalembedwa m'kawerengedwe kathu ka masiku onse, pamene mayina a zolakwika amadziwika ndi manambala a hexadecimal. Choncho 26 ndi 0x1A, imene ndi MEMORY_MANAGEMENT, ndipo maso ayambe apita pa RAM. Nambala 159 ndi 0x9F, imene nthawi zambiri imatanthauza driver imene yakanika pamene kompyuta ikugona kapena kudzuka. Nambala 292 ndi 0x124, pamene chipangizo chenicheni, nthawi zambiri purosesa, chadzinenera chokha kuti chalakwitsa mosakonzeka.

Kwa womanga yekha, 26 ija imapweteka chifukwa wolakwa amakhala chinthu chimene anachinyadira. RAM yolembedwa liwiro lalikulu pa paketi imafika pamenepo pokhapokha mwayatsa XMP kapena EXPO mu BIOS, ndipo kumeneko ndi kuithamangitsa kuposa muyezo wake wamba. Kuzimitsa XMP, kuyesa ndi MemTest86 usiku wonse, kenako kuyesa kamtengo ka RAM kamodzikamodzi: zonsezi sizifuna ndalama. Nayo 292 sikuti nthawi zonse imaloza kulakwa kwa womanga. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankalandira mphamvu yamagetsi yopitirira muyezo n'kumawonongeka pang'onopang'ono, ndipo inatulutsa zokonza zodzera mu BIOS ndi kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti.

Nanga BugcheckCode ikakhala 0? Ziro ameneyu ali ndi nkhani yake. Akunena kuti Windows sinapeze mpata wolemba kanthu. Apa yang'anani mnzake, PowerButtonTimestamp. Akakhala ndi nambala, ndiye kuti munthu anapanikiza batani mpaka kompyuta inazima, mwina poona kuti yauma. Mwa mawu ena, 41 imeneyo munailemba ndinu, ndipo funso likhale loti inaumiranji. Onse awiri akakhala 0, mphamvu inangoduka kapena makina anauma kotheratu. Apa ndi pamene power supply iyenera kuyamba kukayikiridwa, makamaka ngati kompyuta imazima masewera akafika povuta. Makhadi amphamvu a zithunzi amatha kukoka magetsi ochuluka m'kanthawi kochepa zedi, ndipo chitetezo cha power supply yofooka chimadula zonse. Komabe musanatulutse chikwama, onani ngati mawaya a 24-pin ndi 8-pin alowa mpaka kumva kuti "kwe", ngati fani ya purosesa ikuzungulira, ndiponso ngati kapepala kapulasitiki ka pansi pa choziziritsira kanachotsedwa tsiku lomanga lija.