Kandege: mawu a chaka chathachi

Pa mawu onse omwe ndawamva chaka chathachi kwa achinyamata a pa Liwonde, Ntaja ndi Ulongwe, palibe oposa "kandege". Ili ndi dzina lathu la Aviator, juga ya pa foni yomwe kampani ya Spribe idatulutsa mu 2019. Umaika ndalama, ndege n'kumakwera, ukachedwa kutapa basi zapita.

Chidwi changa chili pa "ka-" wa gulu la Ka-Ti. Ntchito yake n'kuchepetsa: kamwana, kanyumba, kandalama. Tikati kandege, juga ija imamveka ngati choseweretsa ana, pomwe ikutha kumeza ndalama ya feteleza.

Aneni nawonso ali ndi nkhani. Wopambana amati "ndadya", monga timanenera pa bawo. Wogonja amati "ndadyedwa" kapena "kandithawa". Taonani, akapambana mchitantchito ndi iyeyo, koma akaluza ndi mchitidwantchito chabe. Mlandu amaukankhira kwa kandegeko.

Makatuni omwe ndawaona akuyenda pa Facebook ndi pa WhatsApp adawatola bwino mawuwa, ndipo Chichewa chake n'chamoyo kuposa cha m'mabuku ambiri. Komatu ndi pomwe ndikuwadzudzulira. Amangobwereza chilankhulo cha juga osachifunsa. Wodyedwa amajambulidwa atatong'ola maso, ife n'kuseka, nkhani yathera pompo. Mkazi ndi ana omwe agona ndi njala saoneka.

Wojambula waluso akadangochotsa "ka-" uja, munthu wake n'kunena poyera kuti "ndatchova juga ndalama ya chimanga". Kusekako kukadatiwawa.