Cidakwa ca M'sewero ndi Kuseka Kwathu

Agogo akamasimba nthano, ife timavomera kuti, "Tili tonse." Tikakhala cete, nthano imafera m'kamwa mwao. Sewero nalonso ndi cimodzimodzi. Wosewera amatiyang'ana kumaso. Tikaseka, amalimba mtima. Tikayamba kuceza za mtengo wa feteleza, mau amamuthawa.

Koma kuseka kwathu kuli ndi ngozi yake. Taonerera masewero pa mabwalo a ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba. Kawirikawiri mumakhala bambo woledzera. Amagulitsa cimanga ca banja, ndipo amamenya mkazi wake. Akangolowa m'bwalo ali dzandidzandi, ana amakuwa, ifenso timafa nazo nseko. Wosewerayo ndi munthu ngati ife, amakonda kuomberedwa m'manja. Tsono amaonjeza. Agwa kamodzi, agwa kawiri, agubuduzika m'fumbi. Mkazi womenyedwa uja akulira, koma palibe womumva. Pobwerera kumudzi, anyamata akutsanzira kayendedwe ka cidakwa. Sewero linabwera kudzadzudzula nkhanza, koma munthu wankhanzayo ndiye tamukonda. Ndipo pakati pathu panakhala mai wina amene sanaseke, cifukwa zimenezi amaziona kunyumba kwake.

Mlanduwu si wa osewera okha. Iwo amatsata phokoso lathu, monga wovina amatsata ng'oma.

Ena anapeza njira. M'zaka za m'ma 1980, ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba ankacita masewero a zaumoyo m'midzi ya ku Liwonde, kutsidya kwa malire ku Malawi. Pakati pa sewero ankaima ndi kufunsa anthu maganizo ao. Kale pang'ono, mu 1973 ku Peru, mai wina woonerera anakwiya poona kuti osewera sakutsata malangizo ake. Mtsogoleri wao, Augusto Boal wa ku Brazil, anamupempha kuti alowe m'sewero aonetse yekha. Maiyo analowadi.

Osewera athu akhoza kutero. Cidakwa cikakweza dzanja kuti cimenye, sewero liime pomwepo. Mmodzi atembenukire kwa ife ndi kufunsa kuti, "Amai, akanakhala mwana wanu, mukanatani? Nanga inu a mfumu?" Pamenepo nseko zimatha. Wina amayang'ana pansi, wina amakanda m'mutu. Dzanja lija likadali m'mwamba, likudikira kuti mmodzi wa ife aimirire.