Mayi Woyambitsa Nyimbo

M'mwezi wa Juni, pamene chisanu cha ku Mzuzu chimalowa mpaka m'mafupa, nkhungu itaphimba nyumba za ku Zolozolo ndi ku Chibavi, amayi a Umanyano a Sinodi ya Livingstonia amachezera m'nyumba ya siwa atakhala pamphasa. Ndipo pakati pawo pamakhala mmodzi amene sitimutchula pothokoza anthu kumanda, ndiye mayi woyambitsa nyimbo.

Ntchito yake imaoneka yopepuka kwa amene sanaiyesepo. Alibe limba lomupatsa poyambira, khutu lake lokha ndilo limayeza mawu; pakuti akakweza kwambiri, agogo amatsalira m'njira, akatsitsa, nyimbo imafera kukhosi ndipo tulo timagwira onse. Buku la Sumu za Ukhristu lili pamiyendo pake, koma salitsegula, popeza nyali ndi yofooka ndipo ndime zonse anazisunga pamtima. Amayang'ana nkhope za anamfedwa, nazindikira nthawi yoimba chapansipansi ndi nthawi yowomba m'manja ngakhale misozi isanaume, kuti chimwemwe cha mwa Ambuye chilowe pamene chinatsekeredwa kunja. Nzeru imeneyi, kunena mosapsatira, alaliki ena alibe.

Popanda iye, usiku wonse pakadamveka kulira kokha ndi kutsokomola kwa abambo owotha moto pabwalo, ndipo wamasiye akadafika m'bandakucha ali yekha ndi chisoni chake. Tambala akalira, mawu atasasa, mayiyo amamwa tiyi pang'ono, namanga bwino duku lake loyera, nayambitsa ina.