Zishango za pa manda a ku Ewelme

M'tchalitchi cha St Mary m'mudzi wa Ewelme, m'chigawo cha Oxfordshire ku England, muli manda awiri a banja la Chaucer amene akuonetsa bwino luso lofotokoza mtundu wa munthu pa chishango. Luso limeneli lili ndi malamulo ake. Golide saikidwa pa siliva, ndipo mtundu wofiira suikidwa pa wabuluu kapena wakuda, kuti chizindikiro chioneke ngakhale patali. Anthu akakwatirana, chishango chimagawidwa pakati: chizindikiro cha mwamuna chimakhala kumanzere kwa woyang'ana, cha mkazi kumanja. Mkazi akakhala wopanda mlongo n'kulowa chuma cha bambo ake, ana ake amagawa chishango panayi kuti mtundu wakuchikazi usazimirire.

Manda oyamba ndi a Thomas Chaucer, mwana wa mlakatuli Geoffrey Chaucer. Thomas adamwalira m'chaka cha 1434 atakhalapo Sipikala wa Nyumba ya Malamulo kasanu. Pamwamba pa mwala wa manda pali zithunzi zozokotedwa pa mkuwa za iyeyo ndi mkazi wake, Maud Burghersh. Mapazi a Thomas aponda hatchi ya m'nthano ya nyanga imodzi pamphumi, a Maud aponda mkango. M'mbali mwa mwalawo mwandandalikidwa zishango zamitundu yowala, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Pa zishangozi, chizindikiro chimene Geoffrey Chaucer ankadziwika nacho palibe. M'malo mwake pali magudumu atatu agolide a banja la Roet, kwawo kwa mayi ake a Thomas, ndi mkango wa mchira wogawanika pawiri wa banja la Burghersh, lomwe lidabweretsa malo a ku Ewelme m'manja mwa Thomas.

Kusankha kotere sikudachitike mwangozi. Philippa Roet, mayi ake a Thomas, anali pachibale ndi Katherine Swynford, yemwe adabereka ana a banja la Beaufort ndi John of Gaunt, mwana wa Mfumu Edward III, n'kudzakwatiwa naye pambuyo pake. Magudumu aja ndiwo ankalumikiza Thomas ndi anthu a kunyumba yachifumu, pomwe makolo a bambo ake anali amalonda ogulitsa vinyo mu London. Choncho mandawa si kaundula wa mtundu wonse: wokonza adatola achibale otchuka, ena n'kuwasiya. Ubwino wake ndi wakuti uthenga wovuta chotere waperekedwa popanda mawu, ndipo diso limautsata chishango ndi chishango. Chofooka chake n'chakuti kuchuluka kwa zishango kumaphimba anthu awiri ogona pamwambapo, mpaka woona amatanganidwa ndi achibale kuiwala eni manda.

Manda a mwana wawo, Alice, yemwe adamwalira m'chaka cha 1475, adathetsa vuto limeneli. Alice adakwatiwa ndi William de la Pole, Duke wa Suffolk, ndipo awiriwa adakhazikitsa nyumba yosungiramo amuna osauka 13 pafupi ndi tchalitchichi atapatsidwa chilolezo m'chaka cha 1437. Chifanizo chake chidasemedwa pa mwala woyera wa alabasitala, atavala chisoti chaulemu, manja ali pamodzi mopemphera, lamba wa gulu la Order of the Garter ali pamkono wamanzere. Zishango sizidakhomedwe pamwala chabe, koma zanyamulidwa ndi angelo oimirira m'timipata tosemedwa, kotero kuti ulemu wa mtundu ukuoneka ngati chinthu choperekedwa kwa Mulungu. Kunsi kwenikweni, kuseri kwa timazenera ta mwala, kuli chifanizo china cha Alice yemweyo ali mtembo wofota wokulungidwa m'nsalu. Pamwamba pa nkhope ya mtembowo pajambulidwa oyera mtima, zithunzi zimene munthu sangazione pokhapokha atagona pansi. Mmisiri adazijambulira wakufayo osati alendo, ndipo apa ndi pomwe ntchito yonseyi yafika pachimake.

Zipangizo zina za m'tchalitchimu zikugwirizana ndi mandawa. Makoma a chipinda chopemphereramo cha Yohane Mbatizi adzaza ndi zilembo za IHS, chidule cha dzina la Yesu, zobwerezedwa m'mizere. Beseni la ubatizo lili ndi chivundikiro cha mtengo chosemedwa ngati nsanja yosongoka, chotalika pafupifupi mamita atatu, ndipo pansonga pake paima mngelo Mikaeli.