Chithunzi cha AI ndi chovala chimene sichinavalidwepo

Mu magazini ya Vogue ya ku America ya Ogasiti 2025 munatuluka chithunzi chotsatsa zovala za Guess: mayi wokongola atavala diresi la mizeremizere, khungu lake losalala popanda kachipsera. Mayiyo kulibe. Anachita kupangidwa pa kompyuta ndi kampani ya Seraphinne Vallora, ndipo mawu oulula zimenezi analembedwa ndi tizilembo tating'ono, tovuta kutiona. Anthu anakwiya, ambiri pomvera chisoni atsikana amene amadyera ntchito yovala zotsatsa. Ine dandaulo langa likuyambira pa nsalu.

Wojambula zovala waluso amadziwa kuti ntchito yake ndi kuonetsa mmene nsalu imakhalira pathupi la munthu. Jinzi imalemera, imapindika pabondo n'kusiya makwinya. Silika imatsetsereka, imatsata chiuno munthu akatembenuka. Wojambula amasuntha magetsi mpaka ulusi uwonekere, amadikira kuti wovalayo apume, atsitse phewa, ndiyeno n'kujambula. Wogula akaona chithunzi chotero amatha kuyerekeza mmene chovalacho chidzamukhalire. Makina a AI sanagwirepo nsalu. Aphunzira kuchokera ku zithunzi zambirimbiri, choncho amatulutsa chooneka ngati diresi, koma kawirikawiri msoko umasowa pamene uyenera kukhala, mabatani sagwirizana ndi maboo ake, maluwa a pansalu amasungunuka akafika m'khwapa. Atelala athu amene makasitomala amawabweretsera zithunzi za pafoni n'kunena kuti asokeredwe chomwecho ndiwo angamve msanga vutoli: chovala chopanda msoko ndi zipi sichisokeka, ngakhale chitakongola bwanji.

Kampani ya ku Spain ya Mango inayenda bwinoko pamenepa mu 2024, potsatsa zovala za achinyamata. Inayamba yajambula zovala zenizeni, kenako makinawo n'kuphunzira kuziika pathupi. Njira imeneyi ndiyo ndingaivomereze, chifukwa chimene wogula akuona chili m'sitolo. Kusintha malo a kumbuyo, kuika nyanja pamene panali khoma, sikunamiza munthu za katundu. Kusintha kagwedwe ka nsalu ndiye bodza.

Nkhani ya nkhope ndi yowawa kwambiri. Mu Malichi 2023 Levi's inalengeza kuti igwira ntchito ndi Lalaland.ai ya ku Amsterdam kupanga anthu a pa kompyuta a misinkhu ndi makungu osiyanasiyana. Anthu atadzudzula, Levi's inafotokozanso kuti sikuleka kulemba ntchito anthu enieni. Koma funso linali litafunsidwa kale: ngati mukufuna nkhope yakuda pachithunzi, bwanji osalipira mtsikana wakuda? Funso lomweli linabuka ndi Shudu, mkazi wakuda wa pa kompyuta amene anapangidwa mu 2017 ndi Cameron-James Wilson, mzungu wa ku Britain. Ndipo kujambula khungu lakuda ndi luso palokha, limene linachedwa kulemekezedwa. Kwa zaka zambiri makadi a Kodak oyezera mitundu ya zithunzi anali ndi nkhope ya mzungu basi. Ojambula anavutika kuphunzira kuwalitsa khungu lakuda kuti lisaoneke lotuwa kapena kumira mumdima. N'zopweteka kuti lusoli litangoyamba kukhwima, ena akufuna kulipereka kwa makina kuti asalipire aliyense.

H&M inanena mu 2025 kuti ipanga mapasa a pa kompyuta a anthu 30 ovala zotsatsa, ndipo eni nkhopezo ndiwo adzakhale ndi ulamuliro pa mapasa awowo. Ku New York lamulo la Fashion Workers Act, limene linayamba kugwira ntchito mu Juni 2025, likufuna chilolezo cholembedwa munthu asanapangidwe mapasa otere. Izi ndi zabwino, koma zikuteteza wovala yekha. Wokonza tsitsi, wodzoza nkhope ndi wogwira magetsi sakutchulidwa, chonsecho ndi manja awo amene anapanga zithunzi zimene makinawo anaphunzirapo.

France inalamula kale mu 2017 kuti chithunzi chotsatsa chimene thupi la munthu lasinthidwa chilembedwe poyera. Makampani a zovala asadikire lamulo kuti achite chimodzimodzi ndi AI. Jambulani chovala chenicheni, lipirani mwini nkhope, ndipo mawu akuti chithunzichi n'cha AI alembedwe ndi zilembo zofanana kukula ndi mtengo wa chovalacho.