Mdima wa m'nyimbo za makwaya

Lamulungu lililonse ndimaika nyimbo za makwaya pa wailesi, ndipo zambiri zimayenda njira imodzi: tinali mumdima, Yesu anatilowetsa m'kuunika. Mawuwo ngocokera m'kalata yoyamba ya Petro, ndipo amaimbidwa mokoma. Cimandivuta n'cakuti oimba akafuna kuloza mdimawo, cala cimangopita kudambwe ndi kwa makolo. Gule Wamkulu yemweyo UNESCO inamulemekeza mu 2005, kuno ku Moçambique, ku Malawi ndi ku Zambia. Nanga mkulu wa mpingo womenya mkazi, kapena wogula cimanga ndi sikelo yobera ku Ulongwe, mdima wake auimba ndani, abale? Agogo anga anamwalira osabatizidwa. Nyimbozi zikayamba, amayi amatseka wailesi, ngakhale wolankhulayo ndili ine.