KALUMO KA MLENDO

Akuru akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwambi umenewu uyenera kukumbukika ndi yense amene walemba nthano kapena ndakatulo, nafuna kuti mnzace aiwerenge isanapite kwa osindikiza. Cobvuta ndi kudziwa pamene kalumoko kayenera kumeta ndi pamene kayenera kulekeza. Zimenezi zioneka bwino m'mapepala a ndakatulo yochuka ya Cingerezi, dzina lace The Waste Land, imene T. S. Eliot anailemba ndipo mnzace Ezra Pound anaimeta.

Amuna awiriwa anabadwira ku America, koma anakhazikika kutsidya la nyanja. Eliot anali kalaliki m'banki ya Lloyds ku London, ndipo Pound ankakhala ku Paris. Cakumapeto kwa 1921 Eliot anafooka m'maganizo, napatsidwa miyezi itatu yopumula. Anapita ku Margate, pambuyo pace ku Lausanne, ndipo kumeneko anatsiriza ndakatulo yace yonena za kuuma kwa mitima ya anthu itatha nkhondo yaikuru ya 1914 mpaka 1918. Mu January 1922, pobwerera ku London, anaima ku Paris, ndipo Pound anaimeta ndi pensulo. Pamene inasindikizidwa mu October caka comweco inali ndi zigawo zisanu ndi mizere 434, ndiko kunena pafupi-fupi theka la zimene Eliot analemba poyamba.

Mapepala oyambawo Eliot anawatumiza kwa John Quinn, loya wa ku New York amene ankamthandiza. Quinn atamwalira mu 1924 anthu anayesa kuti mapepalawo anatayika, kufikira mu 1968 pamene kunamveka kuti ali m'nyumba ya mabuku ya New York Public Library. Mu 1971 Valerie Eliot, mkazi wamasiye wa mlembiyo, anasindikiza zithunzi zao. Cotero owerenga atha kuona ndi maso ao pamene kalumo kanapita, naweruza okha.

Kumeta kumene kuyenera kutamandidwa koposa kuli m'cigawo cacitatu. Eliot anayamba cigawoci ndi mizere yambiri yonyoza mkazi wolemera wochedwa Fresca, potsanzira kalembedwe ka Alexander Pope, mlakatuli wa zaka za m'ma 1700. Pound anamuuza kuti Pope anacita kale zimenezi mwaluso loposa, ndi kuti palibe phindu kubwereza mwapang'ono cimene wina anatsiriza bwino. Wowerenga mizereyo lero abvomereza msanga: ndi yosalala, koma mau ace ndi obwereka, monga malaya a mwini amene sakwana pamapewa. Pound anacotsa cobwerekaco kuti mau a Eliot mwini amveke.

Anadananso ndi mau okayika. Pamene Eliot analemba mau onga akuti "kapena" m'kamwa mwa Tiresias, mlauli wakhungu amene aona zonse, Pound anamdzudzula m'mbali mwa pepala kuti asankhe cimodzi, pakuti mlauli wodziwa sanena mopeneka. Cifukwa cimeneci anacitenga m'kati mwa ndakatulo momwemo, m'khalidwe la munthu amene Eliot mwini anamuumba.

Cigawo cacinai ndico cinametedwa kwambiri. Poyamba cinali nkhani yaitali ya asodzi a ku New England amene ngalawa yao inatengedwa ndi mphepo kumka kumpoto, niphwanyika pa phiri la madzi oundana. Pound anasiya mizere khumi yokha yotsiriza, yonena za Phlebas, wamalonda wa ku Phoenicia amene anamira m'nyanja. Eliot anataya mtima, nafunsa m'kalata ngati nkwabwino kucotsa Phlebas yemwe. Pound anakana, namkumbutsa kuti m'cigawo coyamba mkazi woombeza ndi makadi anachula kale mmalinyero womira, ndipo ulosi umenewo uyenera kukwaniridwa. Apa paoneka kuti Pound sanali kungokonda kudula. Anagwira ndakatulo yonse m'mutu mwace pa nthawi imene mwini wace, cifukwa ca kutopa, anaiwala kuti mbali zace zimangana. Ndipo pofika pa cigawo cacisanu, cimene Eliot anacilemba msanga ku Lausanne, Pound anaona kuti cinali cokhwima kale, nangokhudza mau owerengeka.

Komabe si zonse zimene Pound ananena zinali zolungama. Eliot anafuna kuika pamwamba pa ndakatulo yace mau ocokera m'buku la Joseph Conrad lochedwa Heart of Darkness, nkhani ya Mzungu amene anaonongeka mtima ku Congo. Pound anakayika, nati Conrad sali mlembi wolemera kokwanira. Ici sicinali cifukwa cocokera m'ndakatulo iai. Cinali kukonda ndi kusakonda kwa Pound yekha. Eliot anayankha kuti sanapeze mau ena oyenera koposa amenewo, ndipo Pound anamlola kucita cimene afuna. Koma potsiriza Eliot anawacotsa, naika mau a Cilatini ndi Cigriki ocokera kwa Petronius. Mau amenewa ali ndi mphamvu yao, koma atsekera pakhomo wowerenga wamba amene Conrad akadamlowetsa. Mu 1925 Eliot anaikanso mau a m'buku lomwelo la Conrad pamwamba pa ndakatulo yace ina, The Hollow Men, ndipo izi zisonyeza kuti mtima wace sunamsiye Conrad. Kulakwa kwa pamenepa kunali kwa onse awiri: wina analankhula kopitirira udindo wace, wina anagonja pa cinthu cimene anacidziwa bwino koposa mnzace.

Panalinso wowerenga wina amene saiwalika, ndiye Vivien, mkazi woyamba wa Eliot. Iye analemba mau oyamikira m'mbali mwa cigawo caciwiri, nakonza malankhulidwe a akazi a ku London oceza pamowa, pakuti khutu lace linamva bwino mau a m'misewu. Anapemphanso mwamuna wace kucotsa mzere umodzi wonena za kusungulumwa kwa mwamuna ndi mkazi m'nyumba. Eliot anaucotsa, koma mu 1960, pokopera ndakatuloyo ndi dzanja, anaubwezera pamalo pace. Mzere umene unacoka cifukwa ca cisoni ca m'banja unabwerera; nkhani ya Fresca ndi ya asodzi aja, zimene zinacoka cifukwa ca kufooka kwace, sanazibwezere konse.

Anyamata ndi atsikana amene ayamba kulemba m'Cinyanja akomana ndi owerenga a mitundu iwiri oopsa. Wina aopa kukhumudwitsa mnzace, nangoti nkhani yonse njokoma. Wotere amtumiza mnzace kwa osindikiza ali wamanyenje. Wina afuna kuti nkhaniyo ikhale monga akadailembera iye, nasintha maina, miyambi ndi mathero. Wotere ameta ndi khungu lomwe. Mapepala a Eliot apatsa muyeso wosiyanitsira uphungu wabwino ndi woipa. Mnzace akati, "Cotsani ndime iyi," mlembi afunse kuti, "Cifukwa ninji?" Yankho likaloza m'nkhani momwemo, monga kuti mfumu yofatsa ya pa tsamba loyamba siingakalipe cotere popanda coiputa, kapena kuti mwambi uwu wanenedwa kale kawiri, mlembi amvere ngakhale ziwawe. Yankho likangokhala lakuti wowerengayo sakonda zotere, mlembi athokoze, nasunge ndime yace.

Eliot sanabise mangawa ace. M'buku la ndakatulo zace la 1925 anaika dzina la Pound patsogolo pa The Waste Land, namucha mmisiri woposa. Pound sanaonjezemo ndime zace-zace m'ndakatuloyo. Nchito yace yaikuru inali kucotsa ndi kuloza pofooka, ndipo mizere imene anthu aiwerenga kufikira lero inatuluka m'mutu mwa Eliot.